Mazira Omaliza a Tambala wa Bambo

Mutu 5

1. Pangano la pakhonde

Pakhomo pamene pali nkhuku sipasowa mkangano. Ngati mukukayika, funsani Mzime, mtsikana wa kusekondale amene ankasunga nkhuku kuseri kwa nyumba yawo. Ankamutchula choncho chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa. Akuluakulu ake onse anali atachoka pakhomopo, iye n'kutsala awiriwiri ndi amayi ake.

Khola la nkhukuzo linali la matabwa ndi waya, pakati pa bafa ndi mpanda. Amene analimanga anali bambo ake, chaka chimene anamwaliracho. Bambowo anasiyanso tambala wa kameta, uja wopanda nthenga pakhosi, khosi lili psuu ngati lapsa ndi madzi otentha. Mumsewu monsemo munalibe tambala wina wotero. Ana ankamuseka kuti wavula malaya, koma Mzime akamumva akulira m'mawa ankakhala ngati wamva bambo ake akutsokomola panja.

Tsiku lina tambala uja anatuluka pachipata kukalondola misoti ya eni ake, njinga yamoto n'kumuponda. Basi, nkhani yake inathera pamsewu pomwepo.

Chimene chinamutonthoza Mzime chinali chimodzi. Thadzi lake lamawangamawanga, limene ankalitchula kuti Dona chifukwa chosankha zakudya, linali litaikira mazira tambala uja ali moyo. Tsopano Dona anali atayamba kufungatira. M'mazira amenewo ndi mmene munatsalira mbewu ya tambala wa bambo.

Amayi ake anali atelala ndipo ankasokera pakhonde. Iwo nkhuku zinali zitawafika pakhosi.

"Mwana iwe, ndatopa," anatero madzulo ena akupukuta makina. "Dzulo nkhuku zako zasiya zitosi pa nsalu ya kasitomala. Dzana mvula yandinyowetsera madiresi a eni ake. Kodi ndidzasokera pakhonde mpaka liti? Pamene pali kholalo pakhoza kukhala kachipinda kosokeramo."

"Koma amayi, khola limenelo anamanga ndi bambo."

"Ndikudziwa, misomali yake ndinkawagwirira ndine." Amayiwo anasiya kupukuta makina. "Chabwino, tipangane. Dona akaswa anapiye, khola likhala. Akapanda kuswa, tiphwasula, ndipo sindifuna kudzamva kulira."

Mzime anavomera msangamsanga. Anachita kuseka, poti Dona anali asanalepherepo kuswa.

2. Chenjezo la amayi

Loweruka lotsatira amayi anamutuma Mzime kukapereka zovala kwa azakhali ake, kutali ndithu, koti akagone konko. Mzime anada nkhawa ndi Dona, ndiye anathamangira kwa mnzake wapamtima, Kampata, wa nyumba yachitatu kuchokera kwawo. Dzinalo analipatsidwa chifukwa cha mpata umene unali pakati pa mano ake akutsogolo. Awiriwa ankakhala desiki imodzi, ankabwerekana nsapato, ankalukana tsitsi. Ukamuona mmodzi, umadziwa kuti winayo ali pafupi.

"Mnzanga, undionereko Dona," anatero Mzime. "Madzi asaphwe. Madeya ali m'chitini kuseri kwa chitseko."

"Iwe pita, usadandaule. Dona wako ndi wanga yemwe."

Atabwerako, Mzime anaponya chikwama pakhomo n'kulunjika kukhola. Chisa cha Dona chinali m'beseni lobooka, pakona yamdima, kuseri kwa chiguduli chimene anapachika kuti kusamafike mphepo. Asanagwire n'komwe chigudulicho, amayi anamuitana.

"Bwera kuno, tamvera. Nkhuku ikamafungatira sifuna maso. Usaidzutse, usaisuzumire, usagwire dzira ngakhale limodzi. Manja athuwa amakhala ndi fungo la sopo ndi mafuta odzola. Thadzi likangomva fungo lachilendo limanyanyala chisa, mazira n'kuzizira, ntchito yonse n'kupita pachabe. Ine ndinaziona zimenezi ndili mtsikana. Mng'ono wanga ankati tsiku ndi tsiku akaone ngati mwanapiye wayamba kugogoda, mapeto ake tinataya mazira onse kudzala. Iwenso ndakuona, mtima wako ndi wa phuma. Ukamapita kusukulu ine ndizimupatsa madzi ndi chakudya akadzuka masana. Iwe ntchito yako ndi mabuku. Kuona maso a nkhono n'kudekha, wamva?"

"Ndamva, amayi."

Ndipo anamveradi, mwana wa eni ake! M'mawa uliwonse ankangoima pakhomo pa khola, kutchera khutu, n'kumapita kusukulu. Chigudulicho sanachigwire ngakhale ndi chala.

3. Dzira lopanda mwana

Nkhuku imaswa pakatha masabata atatu. Masabatawo anakwana, kukhola kuli zii. Inayamba sabata yachinayi, kuli ziibe.

"Mwina mawa," ankatero Kampata pochokera kusukulu. Tsiku lina ankati, "Mwina kwazizira, achedwa pang'ono." Koma masiku amenewo Kampata anali ndi zachilendo. Mzime akati apite kwawo akawerengere limodzi, iye ankati kwabwera alendo. Akati akalukane tsitsi, ankati amayi akudwala mutu, safuna phokoso. Mzime sanaganize kanthu, poti mnzako ukamukhulupirira sumufufuza m'matumba.

Loweruka lina m'mawa amayi anapita kumsika kukagula ulusi. Kunabwera amalume ake a Mzime, akalipentala, kudzakonza mwendo wa tebulo la makina. Anamupeza mtsikanayo ali khuma pakhomo pa khola.

"Nanga nkhope yagwa bwanji? Kwafa munthu?"

Mzime anafotokoza. Amalumewo sanachedwe, anakankha chiguduli chija, kuwala n'kulowa. Koma abale, Dona! Anali atatha, mafupa okhaokha, nthenga zili nyankhalala, utitiri uli bii kumaso. Anayesa kujompha koma mphamvu inalibe. Amalume anamunyamula n'kumuika pambali.

Mzime anayang'ana m'beseni muja, kukamwa kuli yasa. Mazira a Dona iye ankawadziwa bwino: ang'onoang'ono, oyererako, osongoka kumodzi. Awa anali akuluakulu, ofiirira, ofanana onse ngati anawaumba munthu mmodzi.

"Malume, mazira awa si a Dona."

Amalume anatenga limodzi, kuligwedeza pakhutu, n'kuliphwanya pamwala. Phwa! Munatuluka madzi achikasu onunkha koopsa. Munalibe mwanapiye, munalibe ngakhale kamtsempha ka magazi. Anaphwanya lina, chimodzimodzi.

"Awa ndi mazira a mugolosale," anatero akutseka mphuno. "Nkhuku zoikira mazira amenewa sizionana ndi tambala chibadwire. Ngakhale thadzi litakhalira chaka chathunthu, simungatuluke kanthu. Alipo anachotsa ako n'kuikapo awa. Wakhala ukumusiyira ndani khola?"

Mzime anapukusa mutu. "Kampata. Koma Kampata sangatero, malume. Sangatero!"

Ananena mawuwo ali kale pachipata.

4. Kuseri kwa nyumba yachitatu

Kwa a Kampata kunalibe munthu. Chitseko chinali chokhoma, ndowa palibe, kusonyeza kuti anapita kumpopi. Mzime anati azibwerera, koma anamva kulira kuseri: tsiyo, tsiyo, tsiyo.

Anazungulira nyumba. Pansi pa chingwe choyanikapo zovala panali thadzi lakuda likupalasa, anapiye akulitsata pambuyo. Anali atayamba kale kumera nthenga m'mapiko. Mzime anawerama kuti aonetsetse.

Makosi! Ambiri mwa anapiyewo makosi awo anali mbee, opanda nthenga, ofiira. Kamodzi kanaima, kutukula khosi n'kumuyang'ana cham'mbali, ndendende mmene ankachitira tambala wa bambo.

Alendo aja anali amenewa. Mutu wa amayi a Kampata unali umenewu.

Mzime sanalire. Zikanakhala kuti wamubera munthu wa mumsewu, bwenzi atangotukwana n'kuiwala. Koma Kampata, amene ankadya naye mbale imodzi! Kampata amene ankamuperekeza mpaka pakhomo pa khola, n'kumatchera naye khutu, kwinaku akudziwa kuti m'beseni mulibe kanthu! Zinamupweteka kwambiri.

Anathamangira kwawo, analowa m'khitchini, anakhuthula anyezi amene anali m'katoni n'kutuluka nayo katoniyo.

5. Chenjezo la amalume

"Ukupita kuti ndi katoni?" anafunsa amalume, nyundo ili m'manja.

"Ndikukatenga anapiye anga. Ali kwa Kampata. Ndawaona ndi maso angawa."

Amalume anaika nyundo pansi. "Khala pansi kaye."

Mzime sanakhale, koma anaima.

"Mwana wa mlongo wanga, wakwiya, ndipo mpake kukwiya. Inenso ndikanakwiya. Koma mvera zinthu ziwiri. Choyamba, anapiye amenewo mayi amene akumudziwa ndi amene anawaswa. Akula, akudziwa mawu ake, akudziwa mapiko ake. Dona wakoyu wakhala mwezi pamazira akufa, ali ndi njala, mutu wake wazungulira. Ukamuikira ana a msinkhu umenewo sawaona ngati ana. Awaona ngati adani olowa m'chisa chake, ndipo mlomo wa thadzi si masewera. Chachiwiri, kulowa pakhomo pa eni ake palibe munthu n'kunyamula kanthu, ngakhale kanthuko katakhala kako, dzina lake ndi limodzi basi. Mawa anthu sadzanena kuti Mzime anaberedwa, adzati Mzime anaba. Komanso mnzakoyo sunamumve. Waona anapiye, koma mmene anafikira kumeneko sukudziwa. Mlandu suola. Dikira amayi ako abwere, tipite tonse atatu, tikakhale pansi ndi makolo a mnzakoyo. Anapiyewo sathawa, mapiko sanakhwime."

"Ndadikira mwezi wathunthu, malume. Amene amandiuza kuti ndidikire ndi amene amandidyera masuku pamutu."

"Mzime!"

Koma chipata chinali chitalira kale. Amalumewo anali ndi bondo lovuta, sakanatha kuthamangitsa mtsikana wosewera mpira wamanja. Anangopukusa mutu.

Paja amati mawu a akulu akoma akagonera. Awa sanachite kugonera, anakoma tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke.

6. Mlomo wa Dona

Kulanda nkhuku ana ake si ntchito yamasewera. Thadzi lakuda lija linafufuma, linamulumphira Mzime kumaso, linamukanda mikono mpaka magazi. Iye sanamve kuwawa. Anatola a makosi ofiira okhaokha, kuwaponya m'katoni, n'kuthamanga nawo. Pambuyo pake thadzi linatsala likulira mozungulira bwalo.

Atafika kukhola anapeza Dona atabwerera m'beseni, wakhaliranso mazira otsala aja. Mzime anagwada.

"Dona, ana ako awa. Taona, ndi ako enieni. Dzuka uwalandire."

Anapendeketsa katoni, anapiye n'kutuluka akulira. Dona anawayang'ana ndi diso limodzi. Nthenga za pakhosi zinaimirira. Kamwanapiye kaja koyang'ana cham'mbali, poti kanali kolimba mtima, kanayandikira beseni.

Jo! Dona anakajompha pakhosi penipeni, pamene panalibe nthenga yoteteza. Jo! Anakagwira n'kukapukusa, n'kukaponya pa waya.

"Mayo! Dona, iwe!"

Mzime anamukankha Dona n'kusonkhanitsa otsalawo msangamsanga kuwabwezera m'katoni. Kaja kanali gone pansi, miyendo ikuphiriphitha. Anakatola, anakauzira mpweya, anakadonthezera madzi pamlomo. Kanatsegula mlomo kawiri, kenaka khosi linalendewera pa chala chake.

Amalume anafika akutsimphina. Anayang'ana, koma sananene kuti ndinakuuza. Anangovula chipewa n'kuchipinda m'manja.

M'katoni anapiye ankalira osalekeza. Anaunjikana pakona, akunjenjemera, akuitana mayi amene anatsala nyumba yachitatu.

7. Amene anatuma

Chipata chinatseguka mwamphamvu. Anali Kampata, wefuwefu, malaya atanyowa ndi madzi a kumpopi.

"Mzime, anapiye! Wawatenga ndiwe?"

"Wakuba iwe, ulinso ndi pakamwa pofunsira?" Mzime anaimirira, kamtembo kali m'dzanja. "Taona. Taona chimene wachita!"

Kampata ataona anagwira pakamwa. Misozi inayamba kutsika.

"Usalire, misozi yako ndi yabodza ngati alendo ako aja. Ndinakusiyira Dona ngati m'bale wanga. Mazira a tambala wa bambo anga, Kampata! Unasowa chakuba?"

"Sindinabe."

"Nanga anayenda okha?"

Kampata anayang'ana amalume, anayang'ana pansi. "Anandipatsa ndi amayi ako."

Mzime anamuyandikira.

"Bwereza."

"Tsiku limene unapita kwa azakhali lija. Anandituma kugolosale kukagula mazira. Nditabwera anamudzutsa Dona, anachotsa ake n'kuikapo ogulawo. A Donawo amati akawaphike. Ine ndinawapempha kuti andipatse, poti thadzi lathu linali litangoyamba kufungatira. Ndinkati bola asafe. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze, amati ukamva udwala nazo maganizo pamene mayeso ayandikira. Ndimafuna ndidzakupatse akakula, mnzanga, Mulungu akudziwa."

"Akakula? Khola atapasula kale?" anafunsa Mzime. "Pangano langa ndi amayi unkalidziwa. Mwezi wathunthu unkandiona ndikuima pakhomo apa ngati chitsiru, iwe n'kumati mwina mawa. Dona akutha ndi njala, iwe uli mwina mawa. Mazira abodzawo unagula ndi manja akowo."

Zonsezo zinali zoona.

Mzime anatembenukira kwa amalume. "Inunso mumadziwa?"

"Ayi, mwana wanga. Ndikumva limodzi ndi iwe."

Pamenepo m'pamene Mzime analira. Anakumbukira mawu aja a sopo ndi mafuta odzola, mmene anawamverera ndi mtima wonse, akunyadira kuti ndi mwana womvera. Anakhala pansi m'fumbi n'kulira ngati kamwana.

Amalume anamusiya alire. Kenaka anawerama n'kunena chapansipansi, "Otsalawa akuzizidwa. Pano palibe wowafunditsa. Ukawakakamira, pofika mawa udzakwirira onse. Ndi ako, palibe akutsutsa. Usankhe wekha."

Mzime anayang'ana m'katoni nthawi yaitali. Anapukuta maso ndi mkono wokandidwa uja. Ananyamula katoni n'kumupatsa Kampata, osamuyang'ana kumaso.

"Kawabwezere kwa mayi wawo. Thamanga. Sikuti ndakukhululukira ayi. Ndikufuna akhale moyo basi."

Kampata anatuluka atakumbatira katoni. Pachipata anapatukira anthu awiri amene ankalowa. Anali amayi a Mzime, jumbo ya ulusi ili m'manja, ndi bambo wina wa ovololo yothimbirira simenti, tepi yoyezera ili m'chiuno.

"Malo ake ndi kuseri kuno, amisiri," ankatero amayiwo mosangalala. "Nkhuku yake yalephera kuswa, ndiye tikhoza kuyamba Lolemba."

Atakhota pakona ya bafa anaima. Anaona chiguduli chili pansi, zigoba za mazira pamwala, mlongo wawo atagwira chipewa. Anaona mwana wawo akutambasula dzanja, ndipo m'dzanjamo munali kamwanapiye kofiira khosi.

"Mazira a Dona anaswa, amayi," anatero Mzime. "Uyu ndi mmodzi. Ndamupha ndine. Ena aja mwakumana nawo pachipata."

Mmisiri uja, poti sankadziwa kanthu, anasolola tepi yake.

"Ndiyambe kuyeza, mayi?"

Mzime analowa m'khola, anakoka chitseko cha waya n'kuchimanga ndi chingwe cham'kati. Anakhala pansi pambali pa Dona, kamtembo kali pamiyendo.

"Yezani, bambo," anatero. "Koma wophwasula khola ili ayambe wanditulutsa ine."

Jumbo ya ulusi inagwa, ulusi n'kugubuduka m'fumbi. Amayi sanautole.

"Achimwene," anatero kwa mlongo wawo, "tapitani nawo amisiriwa pakhonde."

Amunawo atachoka, amayi anayandikira khola n'kugwira waya ndi manja onse awiri.

"Mzime, tsegula."

Mzime sanadzuke.